Mabini adikire kaye, yambirani kukhitchini

Achemwali, mwati kalabu yanu ya zachilengedwe ili ndi kandalama kochepa, ndiye mukufunsa ngati mugule mabini amitundumitundu kapena muyambe kupanga manyowa. Ine ndikuti manyowa, ndipo poyambira pake ndi kukhitchini.

Ife tili ku koleji tidayamba ndi mabini. Tidapenta migolo itatu, kulembapo mapepala, mabotolo, zowola, ndipo anzathu ankayesetsa ndithu kutaya moyenera. Tsiku lina m'mamawa ndidaona bambo wina wosesa akukhuthulira migolo yonse itatu mu wilibala imodzi, ulendo wa ku dzala. Bambowo sadalakwe, palibe adawauza kanthu, komanso kunalibe kwina kopita nazo. Nkhaniyo itamveka m'mahositelo, aliyense adayambanso kutaya mwachisawawa. Mpaka lero zimandiwawa kuti anthu amene amagwira zinyalala tsiku ndi tsiku sitidakhale nawo pansi.

Ndiye pitani kwa ophika ndi osesa mwaulemu, muwafunse zomwe amataya ndi nthawi yake. Kukhitchini mupempheko makoko a mbatata ndi nthochi, masamba a kabichi, matimati oonongeka. Nsima yotsala, mafupa ndi msuzi zisalowe pa mulu chifukwa zimaitana makoswe, agalu ndi ntchentche. Zimenezo gwirizanani ndi woweta nkhumba wapafupi azidzatenga. Kwa osesa tengani masamba ouma aja amangowatentha, udzu wotchetcha ndi makatoni ong'ambang'amba.

Pomanga mulu, zouma zichuluke kawiri kapena katatu kuposa zaziwisi, mukusanjikiza, n'kumawaza timadzi ndi ndowe pang'ono ngati zilipo. Muluwo ukhale ngati mita imodzi m'lifupi, m'litali ndi msinkhu womwe, poti kamulu kakang'ono sikatentha. Mukafinya zinyalalazo m'manja zizimveka chinyezi koma madzi asachite kuchucha. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku atatu kapena anayi izuleni, muigwire: ikakhala yotentha, zinthu zili bwino. Ikazizira onjezani zaziwisi ndi madzi, ndipo mukamva fungo loipa ndiye kuti madzi achuluka, thirani zouma. Muzitembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo pa miyezi iwiri kapena itatu mupeza manyowa akuda onunkhira dothi. Nthawi ya dzinja funditsani muluwo, kapena muumate ndi dothi ngati achitira alimi pa manyowa a chimato. Mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, kapena anzanu a ku koleji ya zaulimi ya Bunda, akhoza kukuonetsani masana amodzi okha.

Mabotolo asakudetseni nkhawa kwambiri, msika wake ulipo kale. Amayi ogulitsa thobwa ndi mafuta ophikira amawafuna, bola akhale otsuka komanso ndi zotsekera zake. Thumba limodzi pakhomo la hositelo likwanira. Majumbo opyapyala ndiwo mutu. Osakwana ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) adaletsedwa mu 2015, ndipo Khoti la Supreme lidatsimikiza chiletsocho mu 2019, koma akupezekabe. Amenewo saola, ogula sapezeka, choncho kambiranani ndi ogulitsa tchipisi ndi mandasi pasukulupo, ophunzira azibwera ndi kontena yawo.

Chomwe chimapha ntchito zotere ndi tchuthi. Mukapita kwanu, mulu umauma kapena wina amautentha poyesa ndi zinyalala. Pemphani malowo kwa akuluakulu a sukulu ndi kalata, yankho lake libwerenso polemba, ndipo mu komiti yanu mukhale a chaka choyamba ndi chachiwiri, osati omaliza okhaokha. Kandalama kanuko gulani wilibala, mafosholo awiri, khasu, keni yothirira ndi magolovesi. Kotsalako musungire wogwira ntchito mmodzi amene azithirira ndi kutembenuza muluwo inu kulibe, ndipo manyowa oyamba akapsa mumugawireko matumba ake akathire kumunda.