Layisensi ya amateur ndi mafunde a Wi-Fi: yankho kwa mbale wa ku Malindi

Mbale wina wa ku Malindi wanditumizira imelo. Akuti ali ndi layisensi ya amateur radio (yolankhulana ndi anzake pa wailesi mongodzisangalatsa, osati mwamalonda) ndipo akufuna kumangirira dishi pamlongoti, kuikapo amplifier (chida chowonjezera mphamvu ya mafunde), n'kukoka intaneti kuchokera pa boma la Mangochi mpaka kwawo. Anzake angapo azigwiritsa nawo n'kumamupatsako kangachepe pamwezi. Funso lake ndi lakuti, kodi lamulo likulola?

Achimwene, pa mafunde simunalakwe. M'chigawo choyamba cha ITU (bungwe la dziko lonse logawa mafunde a wailesi), mmene muli Malawi, a amateur anapatsidwa 2300 mpaka 2450 MHz, pomwe Wi-Fi imayambira pa 2400 kufika 2483.5 MHz. Tchanelo 1 ya Wi-Fi ili pa 2412 ndipo tchanelo 6 pa 2437, ndiye mukukumana pabwalo limodzi. Setilaiti ya QO-100, yomwe inapita kumwamba mu 2018 ndipo imafikira Africa yonse, a amateur amaitumizira mawu pa 2.4 GHz pomwepa.

Vuto lili pa zimene mukufuna kudutsitsapo. Mukayatsa chida ngati munthu wa amateur, muyenera kudzitchula ndi callsign yanu (dzina lanu la pa wailesi, lomwe kuno limayamba ndi 7Q), uthenga usabisidwe, ndipo pasalowe ndalama. Tsopano taganizani: WhatsApp imabisa uthenga, masamba a https nawonso amabisa, ngakhale pasiwedi ya rauta ndi kubisa komweko. Kangachepe ka anzanu kaja ndi malonda ndithu, ndipo kugulitsa intaneti kuli ndi chilolezo chakechake ku MACRA pansi pa Communications Act ya 2016.

Mukasankha kukhala wogwiritsa Wi-Fi wamba, kubisa n'kololedwa, koma amplifier ija ibwerere m'katoni. Ku Europe malire pa 2.4 GHz ndi 100 mW, kuwerengera pamodzi ndi mphamvu imene dishi imawonjezera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anansi. Pamwamba pa nyanja mafunde a wailesi amayenda mosatchingidwa ndi mitengo kapena nyumba, ndipo a amateur pabandi imeneyi ndi achiwiri, kutanthauza kuti saloledwa kusokoneza amene anapatsidwa bandiyi monga eni ake oyamba. Ndinaonapo mayi wina wa shopu atanyamula foni m'mwamba pakhonde, akuzungulirazungulira, osadziwa kuti chagwetsa netiweki yake ndi chida champhamvu cha padenga loyandikana.

Choncho tulutsani pepala la layisensi yanu muone mabandi ndi mphamvu zimene zalembedwapo, chifukwa za ITU zimagwira ntchito kuno pokhapokha MACRA itazivomereza. Alembereni kalata, mutchule zida zanu ndi malo onse awiri, ndipo yankho lawo mulisunge musanakwere pamlongoti.