Kukaona abale ku Lilongwe mu Epulo, ana naonso aone likulu

Mayi wina wa ku Chibavi, kuno ku Mzuzu, wandilembera imelo. Sukulu zikatsekera pa Pasaka akufuna kupita ndi ana awo awiri ku Lilongwe, kukagona kwa alamu awo ku Area 25 komanso kukaona azakhali a anawo ku Kawale. Ali ndi masiku anayi okha, ndipo anawo sanafikeko ku likulu. Akufunsa ngati angathe kucheza ndi abale n'kuonetsanso ana malo otchuka popanda wina kudandaula.

Mayi, n'zotheka ndithu, koma tsiku la ana mulipatule musananyamuke kuno, ndipo alamu anu muwauziretu pa foni. Mukangoti tikaonera konko, simuona kanthu. Mukudziwa mmene timakhalira. Mwafika, akupherani nkhuku, mawa lake msuweni wa ku Area 36 wamva kuti mwabwera, naye akuti musabwerere osaponda pakhomo pake. Kukana kumavuta, komatu Lilongwe si ngati Mzuzu wathuyu, woti kuchoka ku Katoto kufika ku Luwinga ndi kanthawi kochepa. Mzinda uja ndi womwazikana. Kuchoka ku 25 kupita ku Kawale mukasintha minibasi m'tauni, ndipo pobwerera dzuwa lapendeka. Manambala a madera asakupusitseninso: Area 25 ili kumpoto pafupi ndi Kanengo, pomwe Area 24 ili kutsidya lina la mzinda.

Nyengo mwasankha yabwino. Kuno Epulo mvula imakhala ikadagwa, koma ku Lilongwe imakhala ikutha, chimanga chikuuma m'minda, fumbi lisanayambe. Majuzi a ana musasiye, chifukwa pa Chikangawa m'mawa pamakhala chifunga ndi chisanu. Kwerani basi ya m'mawa, ana akhale ku windo, aone nkhalango ya paini, msika wa pa Jenda ndi minda ya ku Kasungu. Mufunse kondakitala ngati angakutsitseni pa Kanengo, kusiyana n'kukafika kudepoti kenako n'kubwereranso m'mbuyo ndi katundu. Pamenepo anawo muwagwire pamkono, poti msika wa fodya umatsegulidwa cha m'mwezi womwewu ndipo malole amachuluka.

Tsiku la analo muyambire ku City Centre, kumene zinthu zili moyandikana. Pitani kumanda a Kamuzu Banda, amene anamwalira mu 1997. Chiliza chake anachitsegulira mu 2006, ndipo chili ndi nsanamira zinayi zoimira ngodya zija ankaziphunzitsa: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Pafupi pomwepo pali nyumba ya malamulo, yomwe inamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kutsegulidwa mu 2010. Ine ndimaona kuti mwana wa ku pulayimale ayenera kuima pamenepa, aone ndi maso ake komwe aphungu amakumana, osati kumangomva pa wailesi. Muwalozere Capital Hill n'kuwauza kuti likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Nthawi ikalola mufike pa nsanja yokumbukira asilikali a nkhondo zikuluzikulu, cha ku Area 18, pomwe palinso chiboliboli cha Kamuzu.

Masana kapumeni ku Lilongwe Wildlife Centre, nkhalango ya pakati pa Old Town ndi City Centre m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Musawalonjeze mikango. Ndi malo osamalira nyama zopulumutsidwa, ndipo chosangalatsa n'kuyenda m'tinjira ta mumthunzi, anyani akudumpha m'mitengo. Pa tsiku lopita ku Kawale mutha kudzera ku msika wa Tsoka, ana akawoloke timilatho tamitengo ta pa mtsinje wa Lilongwe. Amalipiritsa kandalama kochepa, ndipo foni muisunge bwino.

Za pakhomo pa alamu anu, musapite chimanjamanja. Mpunga wa Kilombero, usipa wa ku Nkhata Bay ndi ufa wa kondowole amazilandira ndi manja awiri kumeneko. Kutauni chilichonse n'chogula, makala ndi madzi omwe, choncho tsiku lina mutulutse ya ndiwo musanapemphedwe. Ndipo pokayenda muwatengeko ana a pakhomopo. Ambiri obadwira ku 25 sanafikepo kumanda a Kamuzu, ndipo njira ya minibasi akakulondolerani ndi iwowo.