Tanthauzo la mawu a m'mapepala a malo ndi a amisiri omanga

Mayi, mwafunsa kuti mukufuna kugula puloti n'kumangapo nyumba, koma wogulitsa akukamba za leasehold, search ndi caveat, kontalakitala naye akuti BOQ, DPC ndi retention, ndipo zonsezi zakusokonezani. Mwachita bwino kufunsa musanasayine kalikonse, chifukwa mawu amenewa ndi amene akunena chimene chidzakhale chanu ndiponso ndalama zimene mudzalipire.

Choyamba dziwani mtundu wa umwini umene mukugula. Freehold ndi umwini wopanda malire a zaka. Leasehold, imene ambiri timangoti lizi, ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo kwa zaka zowerengeka, mwachitsanzo 99, uku mukulipira ground rent chaka ndi chaka kwa mwini nthaka. Wogulitsa akati lizi ndi ya zaka 99, inu funsani chaka chimene inayamba. Ngati zaka 70 zinatha kale, mukugula 29 zotsalazo basi, ndipo banki kawirikawiri imakana kulandira ngati chikole malo amene lizi yake idzathe ngongole isanathe. Werenganinso zoletsa zake: ina imalola nyumba yogona yokha, ina imafuna kuti mumange pasanathe zaka zakutizakuti.

Sale agreement ndi mgwirizano wogulitsana chabe. Imasonyeza kuti mwagwirizana mtengo ndi tsiku lolipira, koma siyikupangani kukhala mwini. Chikalata cha umwini ndi title deed, ndipo malowo amakhala anu pamene dzina lanu lalembedwa m'kaundula wa malo. Anthu ambiri amene anagulitsidwa puloti imodzi ali awiri kapena atatu, aliyense anali ndi sale agreement yake m'manja.

N'chifukwa chake search siyodumpha. Uku n'kufufuza m'kaundula musanapereke ndalama, ndipo mutume loya wanu, osati wa wogulitsa. Mudzaona dzina la mwini weniweni, kukula kwa malo, ndi ngongole kapena zoletsa zonse zimene zalembedwa pa malowo. Mukapeza charge kapena mortgage, ndiye kuti malowo ndi chikole cha ngongole, ndipo ngongoleyo ikapanda kubwezedwa banki ikhoza kuwagulitsa ngakhale inu mutamangapo kale. Ngongole ikatha pamafunika discharge, chikalata chochotsa chikolecho. Caveat, kwina amati caution, ndi chenjezo limene munthu amalembetsa ponena kuti nayenso ali ndi mbali pa malowo, mwina m'bale wa malemu, mwina wogula woyamba. Ikadalipo, kusintha dzina sikuyenda. Easement ndi ufulu wa ena wodutsa pamalo anu: njira ya mnansi, mapaipi a madzi, mawaya a magetsi. Imatsatira nthaka, sichoka chifukwa mwini wasintha, ndipo pamenepo simungamangepo.

Malire musaonetsedwe ndi chala. Itanani saveya, woyeza malo, apeze mabikoni onse, zizindikiro zozikidwa m'makona a puloti, n'kuwayerekeza ndi mapu a pa chikalata. Mumufunsenso za building line, mpata umene muyenera kusiya pakati pa khoma ndi malire.

Tsopano kumanga. Footing ndi konkire wa pansi pa ngalande ya maziko, amene amagawa kulemera kwa khoma. Pa nyumba yosasanja ya khoma la 230 mm, amakonda kukhala wa 600 mm m'lifupi ndi 200 mm kapena kuposerapo pochindikala, koma kuya kwa ngalande kumalamulidwa ndi dothi. Dothi la makande limatupa ndi mvula n'kunyala ndi dzuwa, ndipo ndilo limang'amba makoma ambiri. Pamalo otere injiniya aone kaye, musangodalira diso la mmisiri.

Mukamva 1:2:4 posakaniza konkire, akunena muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Wa 1:3:6 ndi wofowokerapo, amagwira ntchito pa footing wamba. Chimene chimaononga konkire kawirikawiri ndi zinthu ziwiri: kuyeza ndi fosholo m'malo mwa ndowa kapena bokosi limodzi lomwelo, ndiponso kuchulutsa madzi kuti asavute kuthira. Madzi owonjezerawo akauma amasiya timibowo, mphamvu n'kuchepa. Curing ndi kusunga konkire ali wonyowa kwa masiku 7 kapena kuposa, chifukwa simenti imalimba pogwirana ndi madzi, osati pouma. Mphamvu imene injiniya anawerengera imayezedwa pa masiku 28. Ndikunenetsa izi chifukwa kuthirira n'kosavuta, koma ndi kumene amisiri amakonda kusiya akamathamangira ntchito ina.

DPM ndi pepala la pulasitiki, kawirikawiri la 250 micron, limene amayala pansi pa silabu kuti chinyontho chisakwere. DPC ndi chotchinga chofanana nacho chimene amaika m'khoma, osachepera 150 mm pamwamba pa nthaka ya kunja. Chikapanda kuikidwa, kapena mukadzaunjika dothi kupitirira pamene chili, penti amasupuka m'munsi mwa khoma, pulasitala amafumbutuka, m'nyumba mumanunkha nkhungu. Kukonza pambuyo pake n'kodula kwambiri. Hardcore, miyala yodzazira pansi pa silabu, aitsendere m'magawo osapitirira 150 mm, apo ayi pansi padzatitimira.

Lintala ndi mtanda wa pamwamba pa chitseko kapena windo, ndipo ikhale pakhoma osachepera 150 mm mbali iliyonse. Ring beam ndi lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira makoma onse kuti agwirane. Pothira, yang'anani cover, kutanthauza konkire wophimba zitsulo: pafupifupi 25 mm pa beam, 50 mm kapena kuposa m'maziko. Zitsulo zikagunda thabwa la bokosi lothiramo konkire zimatsala poyera ndipo zimadzachita dzimbiri, dzimbirilo limatupa n'kuswa konkire. Wall plate, thabwa limene denga limakhalirapo, limangiriridwe ndi waya kapena hoop iron, kalamba kachitsulo kopyapyala, yolowa m'khoma, chifukwa mphepo imanyamula denga lonse ngati langokhomedwa ndi misomali.

BOQ ndi mndandanda wa ntchito yonse ndi zipangizo, kuchuluka kwake ndi mitengo yake. Perekani BOQ imodzi kwa makontalakitala atatu kuti muyerekeze zinthu zofanana. Provisional sum ndi ndalama yongoyerekeza ya ntchito imene sinadziwike bwino, ndipo ikachuluka dziwani kuti mtengo wonse wolembedwa kumapeto kwa BOQ si womaliza. Variation ndi kusintha kulikonse ntchito ili m'kati, ngakhale kusuntha windo. Ilembedwe ndi mtengo wake, nonse musayine isanachitike, chifukwa zapakamwa ndi zimene zimayambanitsa anthu pomaliza.

Retention ndi gawo limene mumasunga pa malipiro aliwonse, nthawi zambiri 5 mpaka 10 peresenti. Theka lake mumapereka pa practical completion, pamene nyumba yafika poti n'kukhalamo ndipo mwalemba snag list, zolakwika zing'onozing'ono zoti akonze. Theka linalo limadikira kuti ithe defects liability period, miyezi 6 kapena 12 imene kontalakitala amakonza ndi ndalama zake chilichonse chobwera chifukwa cha ntchito yake. Sankhani miyezi 12 kuti nyumbayo idutse nyengo ya mvula ndalamayo idakali m'manja mwanu, ndipo zilembedwe mu kontalakiti asanakumbe ngalande yoyamba.