Wa mapepala, wa kumudzi, ndi amene mtima wamufuna: mawu kwa ongofika kumene ku Joni

M'mabuku a nkhani zachikondi mtsikana amaima pakati pa amuna awiri, wina wa nyumba ndi ntchito yokhazikika, wina wongotulukira koma amene mtima wagwa naye, ndipo buku limathera pa ukwati. Inu abale athu a ku Khombedza, Chipoka, Senga Bay, Benga ndi Dwangwa amene mwangotsika basi pa Park Station, kusankha kumeneku kukupezani posachedwa, kungoti kuno kumabwera kutasenza pasipoti, lendi ndi ankhoswe. Woti mumukonde mudziwa nokha. Ife tingokuuzani mtengo wa njira iliyonse musanalowemo.

Yang'anani kaye chidindo chimene anakudindirani pa Beitbridge. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 ngati mlendo, ndipo masikuwo sakulolani kugwira ntchito. Mukapitirira ndi masiku osakwana 30, potuluka amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi. Mukapitirira ndi oposa 30, ndi zaka 5. Ogwidwa amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi. Mantha amenewa ndi amene amachititsa munthu kuona aliyense wa ID ya South Africa ngati pobisalira mvula, ngakhale mtima palibepo.

Apa ndi pamene ambiri amanamizidwa. Ukwati ndi nzika ya kuno supereka unzika, ndipo sufafaniza masiku amene munapitirira. Chimene umatsegula ndi mwayi wopempha chiphaso cha mkazi kapena mwamuna wa nzika, chotchedwa section 11(6), kudzera ku VFS (kampani yolandira mafomu a ziphaso m'malo mwa boma la South Africa), chimene angathe kulembapo chilolezo cha ntchito mukasonyeza kalata ya bwana amene akufuna kukulembani. Chiphasocho chimaima pa ukwatiwo: banja likagwedezeka, nachonso chagwedezeka. Chilolezo chokhala mpaka kalekale mumapempha mutakhala m'banja zaka 5, ndipo banja likatha pasanathe zaka 2 chitatuluka, chimafa. Werengani nokha: ndi zaka zosachepera 7 mukugona ndi kudzuka ndi munthu amene akudziwa kuti kukhala kwanu m'dziko muno kuli m'manja mwake. Ngati mukumukonda, zaka zimenezo si kanthu. Ngati munangofuna mapepala, mkangano wa ndiwo womwe udzathera pa mawu akuti "ndikuitanira apolisi."

A Home Affairs samangitsa ukwati wa mlendo mwachisawawa. Amafuna pasipoti yosatha masiku, kalata yochokera ku boma la Malawi yotsimikiza kuti mulibe banja lina, ndiponso amakufunsani mafunso kuti aone ngati mukudziwanadi. Za kalatayo kafunseni ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Amene mukungokhala limodzi osamanga ukwati muyenera kusonyeza umboni wa zaka 2 ndi pangano losainidwa kwa loya. Wina akakuuzani kuti ali ndi munthu wake mkati, mungopereka ndalama satifiketi ituluke, mutalikireni. Ukwati wogula ukadziwika ndi mlandu, ndipo dzina lanu limatsala m'kompyuta mwawo litamangidwa kwa munthu amene simungamupeze kuti musudzulane.

Chinanso chimene saulula pa chibwenzi: ukwati wa kuno, ngati simunasaine pangano la katundu kwa loya musanakwatirane, kawirikawiri umaphatikiza zonse. Katundu ndi wa awiri, ngongole nazonso. Malowolo akakambidwa, mwambo n'kuchitika, lamulo la 1998 limauwerenga kuti ndi ukwati weniweni, ngakhale simunapite ku ofesi iliyonse.

Tsopano amene munasiya banja kumudzi. Ukwati wa ankhoswe ndi ukwati, nikah ndi ukwati, ndipo lamulo la mabanja la ku Malawi la 2015 limalola khoti kuvomereza ngakhale wongolowana ngati mwakhala limodzi zaka zosachepera 5. Choncho kulumbira kuno kuti simunakwatirepo ndi bodza lopalamula, ndipo amene munamangitsa kwa DC, kukwatiranso musanasudzulane ndi mlandu. Achimwene a pachikamwini, kumbukiraninso kuti malata ndi simenti zimene mukutumizira ndalama pa Mukuru zikumanga nyumba pa malo a akuchikazi. Banja likatha, nyumba sinyamulidwa. Imatsala ndi mayi ndi ana, ndipo m'kuona kwathu n'koyenera kutero. Cholakwika n'kukhala chete. Makolo athu a nthawi ya Wenela ankatha kusowa zaka, mudzi n'kungowatcha matchona. Lero chithunzi chimodzi pa Facebook chimafika ku Linga tsiku lomwelo, mkazi n'kumva za mnzake kwa amayi ogulitsa usipa pamsika. Ngati mtima wasinthadi, imbirani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, nkhani ikambidwe, ndalama ya ana ya mwezi ndi mwezi itchulidwe pamaso pawo, ndipo muziitumiza pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni uzikhalapo. Achemwali amene munasiya bambo ndi ana, njira yake ndi yomweyo.

Nanga chikondi chongogwa ngati mphezi, kawirikawiri ndi Mmalawi mnzanu wopanda mapepala ngati inu, amene mwakumana naye ku tchalitchi, ku mzikiti kapena pa taxi? Sitichinyoza, mabanja olimba ambiri kuno anayamba choncho. Koma miyezi yoyamba munthu umakhala wosungulumwa, wakukupatsa bulangete mu June n'kukuphikira kondowole amaoneka ngati mngelo. Dikirani mpaka mutalandira malipiro anu kangapo, mukutha kulipira lendi panokha, kenako muone ngati mukumufunabe. Musalowe m'chipinda chake sabata yoyamba chifukwa choti lendi yakwera, poti amene amalipira chipinda ndi amenenso amatseka chitseko. Pasipoti muzisunga nokha, chithunzi cha tsamba la nkhope ndi la chidindo mutumize pa WhatsApp kwa m'bale kumudzi. Malipiro asalowe mu akaunti ya chibwenzi, ngakhale atakuuzani kuti ndi zongoyembekezera. Ndipo funsani mudzi wake ndi mfumu yake, mutume munthu akaone. Salima ndi Nkhotakota si kutali. Ngati kuli mkazi ndi ana atatu, mudziwa sabata isanathe.

Kayezetseni limodzi ku kiliniki ya boma, kuyeza HIV ndi kwaulere. Amene muli kale pa ma ARV bwerani ndi kalata ya kuchipatala chanu ndi buku lanu, musadumphitse mankhwala poopa kuti mnzanu adziwa.

Mwana akabadwa, mulembetseni pasanathe masiku 30. Ngati kholo limodzi ndi nzika ya South Africa, mwanayo ndi nzika. Ngati nonse ndinu Amalawi, kubadwira ku Johannesburg sikumupatsa unzika, ndipo mapepala ake a Malawi muyambe kuwathamangira akadali wakhanda, dzina la bambo litalembedwa monga lilili mu pasipoti, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana mudzavutika naye pa boda.