Reki ya dzimbiri ija musaigulitse kwa ogula zitsulo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Thyolo amene amaweta ng'ombe zamkaka. Akuti anagula thirakitala yakale ya Massey Ferguson 135 pa esiteti ina imene inkagulitsa katundu wake, ndipo anawaikira pamwamba chitsulo china chadzimbiri, cha magudumu anayi ozunguliridwa ndi mano a waya. Makaniko wawo wawauza kuti achipereke kwa ogula zitsulo zakutha. Funso lawo n'lakuti: "Kodi chinthuchi ntchito yake n'chiyani, ndipo chingandithandize pa udzu wa Rhodes umene ndinadzala kuti ndizipanga heyi?"

Bambo, chonde musachigulitse. Chimene mwachipezacho ndi reki yosonkhanitsira udzu wopangira heyi (udzu woumitsa wosungira ziweto), ndipo kwa munthu wa maekala ochepa ngati inu palibe makina ena osavuta kusamala kuposa amenewo.

Reki ya mtundu umenewu inatulukira ku Netherlands mu 1948, kwa abale awiri, Cornelis ndi Arij van der Lely, a ku Maassluis. Ku Britain yotchuka kwambiri inali ya magudumu anayi yotchedwa Vicon Acrobat, ndipo mpaka lero mukadutsa m'mafamu ang'onoang'ono mumaiona itatsamira kuseri kwa khola. Ubwino wake ndi wakuti ilibe injini, ilibe giyabokosi, siifuna ngakhale shafiti ija yozungulira ya kumbuyo kwa thirakitala imene amaitcha PTO. Magudumuwo amaima chopendekera. Thirakitala ikamayenda, mano amakhudza pansi n'kuzungulitsa gudumu lokha, gudumu loyamba limakankhira udzu kwa lachiwiri, lachiwiri kwa lachitatu, mpaka udzu wonse utagona mumzere umodzi wautali, wotukuka, woti mphepo izipita pansi pake. Chimene chingawonongeke ndi mano, masipuling'i ndi mabering'i basi.

Ine ndinaiphunzirira pa famu ina yaing'ono ku Herefordshire m'dziko la England, kufupi ndi malire a Wales, komwe ndinkathandiza nthawi ya heyi. Mwini wake anali bambo wachikulire amene ankakokera reki yake ndi Ferguson TE20, kathirakitala kotuwa kaja kamene kankapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956. Thirakitala yanuyo ndi mdzukulu wake, chifukwa 135 inayamba kutuluka mu 1964, ndipo mikono itatu yokolekera zipangizo kumbuyoko ndi nzeru yomweyo ya Harry Ferguson, amene anayambitsa mathirakitala a Ferguson. Mphamvu ndiye muli nazo zoposa zimene reki ikufuna.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi lachitatu chidulireni udzu. Mundawo unali wosakaniza udzu ndi clover, kachomera ka m'gulu la nyemba. Dzuwa linali litaswa mtengo, ndipo ine poona kuti kunja kwayera ndinakwera thirakitala cha m'ma 1 koloko masana n'kuyamba ntchito, mtima uli m'malo kuti ndikuthandiza. Mizere inkagona bwinobwino, kumbuyo kwanga kukufuka kafumbi kobiriwira. Nditazungulira kanayi bambo aja anabwera n'kundiimitsa ndi dzanja. Sanakalipe. Anagwada pakati pa mizere iwiri, anasesa pansi ndi chikhatho, n'kundionetsa: timasamba ta clover tophwanyikaphwanyika ngati fodya wopera, todzaza dzanja. Kenako anasolola udzu mumzere umene ndinapangawo, ndipo munali timitengo tokhatokha. Kafumbi kamene ndinkakaona kaja kanali chakudya cha ng'ombe zawo cha m'nyengo yozizira.

Yankho la funso lanu lagona pamenepo. Chakudya chenicheni chili m'masamba, ndipo tsamba limauma msanga kuposa tsinde. Udzu ongodula kumene umakhala ndi madzi okwana magawo 75 mpaka 80 pa 100 alionse. Kuti usungike osachita chuku, madziwo ayenera kutsika kufika pansi pa magawo 20. Koma reki siidikira kuti udzu ufike pamenepo. Imalowa udakali wofota, madzi ali cha m'ma 35 mpaka 40, pamene tsamba likupindika osathyoka, ndipo kuuma kotsalako kumachitikira mumzere. Ngati udzu wakuumirani musanausonkhanitse, lowani m'mamawa, mame atangoyamba kukamuka koma dzuwa lisanakwere. Chinyontho chochepacho chimagwira masamba kuti asayoyoke.

Simufunika chipangizo choyezera. Tengani udzu wodzaza dzanja kuchokera pansi pa mulu, osati pamwamba, muupotokole ngati mukufinya chovala. Ukatulutsa madzi kapena kuzizira m'manja, sunafike. Ukakhala wofewa, wosanyowetsa dzanja, lowetsani reki. Tsiku lotuta, kandani tsinde ndi chikhadabo: khungu lake likamasendeka, musautute. Heyi wolowa m'shedi ali wauwisi amatentha yekha mkati mwa mulu, ndipo amatha kuyaka moto popanda woyatsa.

Udzu wa Rhodes umapirira reki kusiyana ndi mbewu za m'gulu la nyemba, koma ngati mwasakanizamo desmodium kapena nkhungudzu, kapena mukusonkhanitsa zotsalira za mtedza, samalani kwambiri za nthawiyi. Vuto lalikulu kwathu ndi lina. Rhodes amakoma pamene wangoyamba kumasula, ndipo nthawi imeneyo mvula imakhala isanathe. Ambiri amadikira mpaka June kuti kunja kuume, n'kudula udzu umene wasanduka mapesi, ng'ombe n'kumangoununkhiza. Komanso kwanu ku Thyolo June yemweyo amabwera ndi chiperoni. Ine ndinganene kuti muzidula kachigawo kakang'ono mukaona kuti kuli masiku atatu kapena anayi a dzuwa kumapeto kwa dzinja, m'malo mogwetsa munda wonse tsiku limodzi. Apa ndiye pamene reki idzakubwezereni ndalama zanu: ntchito imene aganyu angapo angaswere nayo tsiku lonse, iyo imaitha mitambo isanasonkhane. Mzere ukanyowa ndi mvula, mumadutsanso n'kuutembenuzira pouma.

Tsopano za kuikonza. Ikwezeni, muzungulitse gudumu lililonse ndi dzanja. Lizizungulira mosavuta, osalira, osagwedera m'mbali. Lolimba lichotseni, mutsuke bering'i ndi palafini, muthire girizi watsopano, ndipo yakutha mupite nayo kusitolo ya zipangizo za galimoto akakupatseni yofanana nayo. Mano othyoka musawawotcherere. Ndi chitsulo cha sipuling'i, moto umachipha, ndipo dzino lowotcherera limathyokeranso m'munda. Kachidutswa ka waya kakalowa mu heyi ng'ombe imameza, chifukwa siisankha pakudya, ndipo kamatha kuboola chifu mpaka kufika ku mtima. Muziwerenga mano musanayambe ntchito ndiponso mukaweruka. Likasowa limodzi, tsikani mulifunefune.

Pokoleka, chunani kuti mano azingopsopsona pansi. Mukaikanikiza kwambiri imakanda dothi, kutola miyala ndi ndowe zouma n'kuziponya mumzere, ndipo heyi wadothi ng'ombe zimamukana. Mukaikweza kwambiri magudumu sazungulira. Yendani mamita makumi awiri, imani, mukayang'ane kumbuyo. Pakakhala mikwasa ya mano pa dothi, ikwezeni pang'ono. Liwiro likhale ngati la njinga yopalasa mosathamanga, chifukwa reki imeneyi ikamakwawa siiponya bwino udzu, koma ikathamanga imaumwaza. Chilema chake chenicheni ndi chakuti mukadutsa kawirikawiri pa mzere umodzi imaupota udzuwo ngati chingwe, ndipo mkati mwa chingwecho simuuma. Kamodzi kapena kawiri n'kokwanira.

Minda ya ku Herefordshire yakhala ikudulidwa zaka zambirimbiri, ndi yosalala. Yathu ili ndi zitsa, zulu ndi mizere yakale ya chimanga yobisika mu udzu. Muyambe mwauyendera munda wonse wapansi musanadule, muzule zimene mungathe, pa zotsalazo muzike ndodo zazitali zoonekera patali. Ndipo poti kwanu n'kwa zitunda, kumbukirani kuti mathirakitala ambiri a zaka zimenezo alibe chitsulo chotchinjiriza woyendetsa akagubuduka. Pokhota pamalo otsetsereka chepetsani liwiro, mabuleki awiri a thirakitala, la kumanja ndi la kumanzere, akhale olumikiza mukamayenda pamsewu, ndipo mwana asakwere pa madigadi ngakhale alire bwanji. Madzulo alionse chotsani udzu umene wakanirira pa ekizozi ndi kutsogolo kwa ladiyeta.

Simunanene ngati muli ndi makina omangira mabelo. Ngati mulibe, bokosi la matabwa limagwira ntchito: mumayala zingwe ziwiri mkati, kuthiramo udzu, kupondaponda mpaka utalimba, n'kumanga. Mizere ikakhala yowongoka, anthu awiri amangoyenda nalo bokosilo kutsatira mzere. Mabelowo muwasanje pa thandala, asakhudze dothi chifukwa cha chiswe, pansi pa denga losadontha ndiponso posafika dzuwa kuti asayere. Mukamasula belo mu October, pamene msipu wapsa, mkati mwake muzikhala mobiriwirabe, mukununkhira ngati tsiku limene munautema udzuwo.

Mukatha kutsuka dzimbiri, nditumizireni chithunzi cha gudumu limodzi chapafupi, makamaka pamene mano amangirirapo, kuti ndikuuzeni mano oyenera kufunafuna.