Funsani Aphunzitsi: Inki Yofiira pa Pepala la Chingerezi

Nyengo ya mayeso ikamayandikira, makalata obwera ku tsamba lino amachuluka ndiponso amafanana. Mwezi uno ambiri akhudza phunziro la Chingerezi, chimene ambirife kuno kum'mawa kwa Zambia timangochitcha Chizungu. Ndasankhapo anayi, ndipo monga mwa nthawi zonse mayina a olemba sitiwatchula.

Aphunzitsi, ndili mu Giredi 12 pa sukulu ina ya m'boma la Katete. Chingerezi ndimachimva bwino m'kalasi ndipo malamulo a galamala ndinawaloweza, koma ndikalemba chimangirizo pepala limabwerera lili psuu ndi inki yofiira. Ndikufuna kudzaphunzira unamwino. Kodi ndichite chiyani m'miyezi yatsalayi? — Mtsikana wa ku Katete

Mwana wanga, wachita bwino kuda nkhawa nthawi ikadalipo. Bungwe loyendetsa mayeso la Examinations Council of Zambia limapereka magiredi kuyambira 1, imene ndi yapamwamba kwambiri, mpaka 9 pa mayeso a Giredi 12, ndipo kirediti imathera pa 6. Masukulu a unamwino, makoleji a uphunzitsi ndi University of Zambia amafuna makirediti asanu, ndipo imodzi mwa iwo iyenera kukhala ya Chingerezi, kotero kuti mwana amene wakhoza bwino masamu ndi sayansi akhoza kutsalabe pakhomo chifukwa cha 7 mmodzi yekha. Mayeso a Chingerezi ali ndi mapepala awiri. Loyamba ndi la chimangirizo, chimene ana asukulu amati kompozishoni, ndipo nkhani yake imafunika kukhala ya mawu pakati pa 250 ndi 350. Lachiwiri muli kusanduliza ziganizo (kulembanso chiganizo m'njira ina osasintha tanthauzo lake), kuyankha mafunso ochokera m'nkhani imene wawerenga, ndi kufupikitsa nkhani.

Pepala lako sindinalione, koma ndachonga makope a ana a kuno kwa zaka zambiri, ndipo ndikhoza kukuuza zimene zili pansi pa inki yofiirayo. Zambiri mwa zolakwazo sizichokera ku umbuli. Ndi Chichewa chabwinobwino chimene chavala malaya a eni ake.

Taona chitsanzo ichi. Ife tikamanena za munthu wamkulu timamuchulukitsa, timati atate abwera, amayi apita kumunda. Mwana woleredwa bwino akagwira cholembera dzanja limakana kuchepetsa bambo ake, ndiye amalemba kuti "my father they have come". Ulemu umenewo kwathu ndi wamtengo wapatali, koma Chingerezi sichiuzindikira, ndipo wochonga amangoona kuti mneni sakugwirizana ndi dzina. Chimodzimodzinso mawu akuti iye: kwa ife amakwanira mwamuna ndi mkazi yemwe, n'chifukwa chake m'ndime imodzi ambuya aakazi amayamba ali "she" n'kumaliza ali "he". Palinso mneni wathu wakuti kumva, amene amasenza katundu wambiri, pakuti timamva mawu, timamva njala, timamva fungo, timamva kuzizira, timamvanso zimene aphunzitsi afotokoza. Chingerezi chinagawa ntchito zimenezi kwa aneni osiyanasiyana, ndipo wolemba kuti "I am hearing hunger" wamasulira mokhulupirika koma walakwa. Ndi mmenenso zilili ndi "borrow me your pen", amene ndi mawu athu akuti ndibwereke cholembera ongosinthidwa khungu.

Cholakwa chimene chimadya malikisi ambiri, komabe, ndi cha nthawi ya mneni, ndipo ndikufuna uchimvetse bwino chifukwa aphunzitsi ambiri amangochidula mzere osafotokoza gwero lake. Pofotokoza nkhani m'Chichewa timaika nthawi pa mneni woyamba, otsatirawo n'kumangowalumikiza: anapita kumsika n'kugula nsomba n'kubwerera kunyumba. Mneni mmodzi wanyamula dzulo lonse, anzakewo akungotsatira pambuyo. M'Chingerezi mneni aliyense amasenza yekha nthawi yake, kotero kuti amene walemba "she went to the market and buy fish" watsatira lamulo la kwathu pamalo pamene silikugwira ntchito. Ukamaliza kulemba nkhani yofotokoza zakale, uziwerenganso poyang'ana aneni okhaokha, mmodzimmodzi, n'kumadzifunsa ngati aliyense ali m'nthawi yakale. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zisanu, koma ndaona ikuchotsa mizere yofiira yambiri kuposa mwezi wathunthu wa matuwishoni.

Tsono chita izi. Gula kope laling'ono loti likhale la zolakwa zako zokha. Pepala lililonse likabwerera, usalipinde n'kuliponya m'chikwama monga amachitira anzako, koma ukopere chiganizo cholakwikacho kumanzere, chokonzedwacho kumanja. Pakatha milungu itatu udzaona kuti sulakwitsa zinthu zana limodzi ayi, umalakwitsa zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zomwezomwezo mobwerezabwereza, ndipo mdani wodziwika dzina savuta kumutchera msampha. Tsiku lililonse uzilemba ndime imodzi ya zimene waona tsikulo, ndipo kamodzi pa mlungu uzitenga funso m'mapepala a mayeso a zaka zapitazo, n'kulemba nkhani yathunthu wotchi ili patsogolo pako. Upeze wokuwerengera, kaya ndi aphunzitsi kaya mnzako wakhama, chifukwa wolemba popanda womuwongolera amangokhwimitsa zolakwa zake.

Ndikuchenjezenso za zinthu ziwiri. Usaloweze nkhani za anthu ena kuti ukazikhuthule m'chipinda cha mayeso, chifukwa wochonga amene wawerenga mapepala mazanamazana amazindikira msanga chiyambi chobwereka, makamaka chikamanyezimira pamene ndime zotsatirazo zikutsimphina. Usathamangirenso mawu akuluakulu a m'dikishonale amene sudziwa khalidwe lawo. Ngati funso likulola, lemba zimene ukuzidziwa ndi maso ako: fumbi ndi khamu la anthu ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti, tsiku logulitsa chimanga, ulendo wa pa minibasi mu msewu wa Great East. Mwana wa ku Katete amene akulemba za chipale chofewa chimene sanachionepo amasowa mawu pa mzere wachitatu, pamene yemweyo akamafotokoza za kukolola mtedza amakhala ndi zonena zosefukira, ndipo nzeru zake zonse zimatsalira pa kukonza ziganizo.

Aphunzitsi, mwana wanga wa Fomu 1 anapatsidwa chilango chotchetcha udzu chifukwa anamumva akulankhula Chichewa pabwalo la sukulu. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Kodi ndiletse Chichewa panyumba kuti mwanayu adziwe Chizungu msanga? — Bambo wa ku Chadiza

Bambo, musaletse. Ndiyankha mosazungulira chifukwa funso limeneli limandifika kawirikawiri, ndipo limachokera kwa makolo achikondi amene akuopa kuti chilankhulo chawo ndicho chikutsekereza ana.

Nkhani imeneyi boma lenilenilo lakhala likuitembenuza kwa zaka zambiri. Dziko litangolandira ufulu mu 1964, lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Mu 2014 zinthu zinasintha, ana a Giredi 1 mpaka 4 anayamba kuphunzira m'zilankhulo za m'madera mwawo, zisanu ndi ziwiri zimene boma linavomereza, ndipo kuno kum'mawa ndi ku Lusaka chinali Chinyanja. Ndondomeko yatsopano ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025 ndipo ndi imene yabweretsanso dzina la Fomu limene mwatchulali, yabwezera Chingerezi patsogolo kuyambira m'makalasi oyambirira. Ngati akatswiri a ku unduna akhala akusinthasintha chotere, inu musadzione ngati olakwa chifukwa cholankhula ndi mwana wanu m'chilankhulo cha makolo anu.

Maganizo anga ndi akuti chilango chotere chimabala ana achete, osati ana odziwa Chingerezi. Sukulu ili ndi chifukwa chomveka chofunira kuti ana azichilankhula, popeza kwa ambiri a iwo bwalo la sukulu ndi malo okhawo amene angachiyeserere, koma mwana amene wagwira chikwakwa chifukwa cha lilime lake amaphunzira kutseka pakamwa aphunzitsi akamadutsa, basi. Nkhaniyi mukhoza kukaikamba mwaulemu pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi.

Panyumba pali ntchito imene inu mungaigwire bwino kuposa ine. Madzulo mukatha kudya, muuzeni mwanayo akufotokozereni m'Chichewa zimene wawerenga m'Chingerezi tsikulo, mwachidule, ndipo mumufunse mafunso mpaka inuyo mumvetse. Mwina simukudziwa, koma limenelo ndi luso lomwe lija la kufupikitsa nkhani limene adzaliyesedwe pa mayeso: kusiyanitsa mfundo ndi mankhusu. Akalephera kukufotokozerani, ndiye kuti sanamve, anangoyendetsa maso pa pepala. Mupatseninso mapepala a Chizungu amene amafika pakhomo panu, monga malangizo a pa thumba la mbewu kapena pa botolo la mankhwala a ziweto, kuti azikuwerengerani ndi kukumasulirani. Adzaona kuti Chingerezi chake chili ndi ntchito pamudzi, ndipo inu mudzakhala mukumuyesa mayeso osagwira choko.

Aphunzitsi, ndikati ndilankhule Chingerezi m'kalasi anzanga amaseka, amati ndimasokoneza l ndi r. Tsopano ndinasiya kukweza dzanja. Mabuku owerenga kunyumba tilibe, koma ndimabwereka foni ya achimwene anga. — Mnyamata wa ku Mchini, Chipata

Mnyamata iwe, amene akukusekawo akusokonezanso zilembo zomwezo, kungoti iwo sakweza dzanja. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi lovala zovala ziwiri, moti ukanena kuti mbili kapena mbiri palibe amene angasochere, pamene m'Chingerezi "pray" ndi "play" ndi zinthu zosiyana, china cha m'tchalitchi china cha pabwalo la mpira. Khutu lako silinaphunzitsidwe kusiyanitsa zimenezi chifukwa kwathu kunalibe chifukwa chozisiyanitsira. Tilinso ndi mavawelo asanu okha, n'chifukwa chake "live" ndi "leave" amatimvekera mofanana, ndipo mawu athu onse amathera pa vawelo, n'chifukwa chake makolo athu atalandira "school" ndi "book" anawaumba kukhala sukulu ndi buku. Kuno ku Zambia pali kamsampha kenanso kakang'ono: m'mabuku athu a Chinyanja chilembo c chimaimira liwu limene a ku Malawi amalemba ch, ndiye mwana wozolowera kuwerenga cinthu ndi cakudya amayamba wapunthwa akakumana ndi c wa Chingerezi.

Mankhwala ake ayambire kukhutu, pakamwa pambuyo. Uzimvetsera nkhani za Chingerezi pa wailesi ya ZNBC Radio 2 tsiku lililonse, ndipo usankhe chiganizo chimodzi cha wowerenga nkhaniyo n'kuchibwereza mokweza kangapo. Lemba mawu awiriawiri osiyana pa l ndi r pokha, uwawerenge ukudzijambula mawu pa foni ya achimwene akoyo, kenaka udzimvetsere. Poyamba udzachita manyazi ndi liwu lako lomwe, koma pakatha milungu ingapo khutu lidzayamba kugwira kusiyanako. Cholinga si kulankhula ngati munthu wa ku London, ndipo palibe amene adzakuchotsere malikisi chifukwa chomveka kuti ndiwe wa ku Chipata. Chofunika n'chakuti womvera asasochere.

Za mabuku, usadikire laibulale yodzaza. Nyuzipepala yakale ya Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail, ngakhale imene anakulungira tomato ku msika wa Kapata, ili ndi ziganizo zokwanira kukuphunzitsa sabata yathunthu. Ngati kwanu kapena kutchalitchi kuli Baibulo la Chinyanja ndi la Chingerezi chamakono, uziwerenga ndime imodzi m'mabuku onse awiri moyandikiza, pakuti pamenepo udzaona ndi maso mmene zilankhulo ziwirizi zimamangira ganizo limodzi mosiyana. Foniyo ndi yothandiza, koma ndikupemphe kuti pa WhatsApp uzilemba mawu athunthu. Chizolowezi cholemba "u" ndi "bcoz" chimatsatira dzanja mpaka m'chipinda cha mayeso, ndipo ndakhala ndikuchipeza m'makope a ana anzeru ndithu. Ngati pa sukulu panu pali kalabu ya mtsutso kapena ya zisudzo, lowa, chifukwa kumeneko aliyense amalakwitsa poyera ndipo kusekana kumatha msanga. Lolemba likubwerali ukweze dzanja.

Aphunzitsi, ndinalemba Giredi 12 zaka zitatu zapitazo ndipo Chingerezi ndinapeza 7. Panopa ndimagulitsa m'sitolo ku Lundazi. Kodi mwayi unatha? — Mlongo wanu wa ku Lundazi

Sunathe, mlongo wanga. Bungwe lomwe lija la mayeso limayendetsanso mayeso a GCE a anthu amene ali kunja kwa sukulu, ndipo mukhoza kulembetsa phunziro limodzi lokhalo limene linakuvutani. Pitani msanga ku sukulu yapafupi imene ili malo olembera mayesowa kapena ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, mukafunse za nthawi yolembetsa ndi ndalama zake, chifukwa kalembera amatsekedwa miyezi yambiri mayeso asanafike. Kuchoka pa 7 kufika pa 6 si ulendo wautali, ndipo kwa munthu wogwira ntchito ngati inu malikisi osavuta kuwatola ali m'pepala lachiwiri, pa kusanduliza ziganizo, popeza mitundu ya mafunso ake imabwerabwera chaka ndi chaka. Sonkhanitsani mapepala a zaka zisanu zapitazi, muziyankha ziganizo khumi tsiku lililonse makasitomala akachepa masana, ndipo Loweruka muzipereka kopelo kwa mphunzitsi wodziwa kuti akuchongereni.