Kodi “aptamer” tiitche chiyani m'Chichewa?

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, wafunsa kuti: “Mwana wanga akuphunzira zamankhwala ndipo pakamwa pake sipachoka mawu oti aptamer. Pofotokozera agogo ake pa foni, ndinene kuti ndi katemera?”

Ayi mayi, katemera ayi. Katemera amaphunzitsa thupi kudzipangira chitetezo. Aptamer ndi kachingwe kakafupi ka DNA kapena RNA (zinthu zimene zimanyamula malangizo a chibadwa m'thupi) kopangidwa mu labotale, kamene kamadzipinda n'kukakamira puloteni imodzi yodzetsa vuto kuti ileke kugwira ntchito.

Ine ndimalemba kuti aputama, poti Chichewa sichilola p ndi t kugundana popanda lembo la liwu pakati. Iyende ngati kompyuta: aputama iyi, maaputama awa. Dzina loti aptamer analipanga asayansi Andrew Ellington ndi Jack Szostak mu 1990, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza “chokwana bwino” ndi a Chigiriki otanthauza “gawo”. Agogo muwakumbutse chivundikiro chimene chimakhala thithithi pa mphika wake wokha, koma pa mphika wina chimagwedera. Amva msanga.

Pamene ndikupempha kuti musamale kwambiri ndi pa mneni. “Ikuyesedwa” ndi “inavomerezedwa” si chimodzi, ndipo zimandipweteka ndikamva wodwala akupatsidwa chiyembekezo chifukwa womasulira wasakaniza awiriwa. Aputama yoyamba kuvomerezedwa ku America inali Macugen, mu 2004, ya nthenda ya maso imene imagwira okalamba. Yachiwiri, Izervay, inabwera mu 2023, nayonso ya maso, ndipo zonse ziwiri amabaya m'diso momwemo. Zaka 19 pakati pake! Chochedwetsa n'chakuti m'magazi muli maenzaimu amene amadula kachingweka, komanso poti n'kakang'ono, impso zimakasefa msanga n'kukataya mu mkodzo. Akatswiri amakamangirira chinthu chotchedwa PEG kuti kakhalitse m'thupi, koma mu 2014 kafukufuku wamkulu wa aputama yoletsa magazi kuundana anaimitsidwa chifukwa matupi a odwala ena anadana ndi PEG-yo koopsa.

Choncho agogo akafunsa ngati mankhwalawa achiza matenda awo a shuga kapena a mtima, muwayankhe kuti “akadali kuyesedwa”, ndipo apitirize kumwa amene adokotala anawalembera.